Mmene Mungathandizire Okalamba Oiwalaiwala Kuti Apitirize Kudzichitira Zinthu

M'midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, banja limazindikira mochedwa kuti nzeru za agogo zayamba kufooka, chifukwa anthu amadikira tsiku limene agogowo adzaiwale dzina la mwana wawo kapena kusochera pochokera kudimba. Tsiku limenelo likamafika, vuto limakhala litayamba kalekale, ndipo limakhala kuti linkaonekera pa ntchito wamba monga kuwerenga chenji kumsika, kumwa mankhwala pa nthawi yake kapena kuthira mchere m'ndiwo. Banja likazindikira, chifundo chimalichititsa cholakwa china, chomwe ndi kuwalanda agogo ntchito zonse nthawi imodzi n'kuwakhazika pakhonde kuti azingodikira nsima. Malangizo awa alembedwera mwana, mdzukulu kapena mpongozi amene akukhala ndi wokalamba pakhomo, kuti athe kuona kusinthako msanga ndiponso kuthandiza m'njira yoti wokalambayo asataye luso limene akadali nalo.

Kuiwalako pang'ono ndi mbali ya ukalamba, ndipo munthu amene waiwala pamene waika mpeni n'kukumbukira madzulo sakudwala. Koma pali matenda a ubongo amene madokotala amawatchula kuti dementia, omwe amawononga pang'onopang'ono mphamvu ya kukumbukira, kuganiza ndi kulongosola zinthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, kuti oposa 60 pa 100 alionse a iwo amakhala m'mayiko osauka ndi otukuka kumene, ndiponso kuti mtundu wotchedwa Alzheimer ndiwo umagwira odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse. Ngakhale kwa madokotala, malire a pakati pa kufooka pang'ono kwa nzeru ndi matenda enieni amaonekera pa funso limodzi, loti kaya munthuyo akuthabe kuyendetsa moyo wake wa tsiku ndi tsiku popanda womuthandiza kapena ayi. Yankho la funso limeneli lili ndi inu amene mumakhala nawo, osati ndi makina a kuchipatala.

Yambani ndi kulemba zimene ankatha kuchita

Ntchito za munthu zimagawidwa pawiri. Gulu loyamba ndi la kusamala thupi, ndipo dokotala wa ku America dzina lake Sidney Katz analiika pa mndandanda mu 1963: kusamba, kuvala, kudya, kudzuka pogona, kupita kuchimbudzi ndi kutha kudzigwira. Gulu lachiwiri ndi la ntchito zimene zimafuna kuti munthu aganize motsatira ndondomeko, zomwe ofufuza ena a ku America, Lawton ndi Brody, anazilemba mu 1969: kugwiritsa ntchito foni, kugula zinthu, kuphika, kusamala m'nyumba, kuchapa, kuyenda ulendo, kumwa mankhwala ndi kusunga ndalama. Kawirikawiri gulu lachiwirili ndilo limayamba kugwa, nthawi zina patatsala zaka kuti munthu ayambe kulephera kusamba kapena kuvala, n'chifukwa chake maso anu ayenera kukhala pamenepo.

Mindandanda imeneyi inakonzedwa poganizira okalamba a ku America, ndipo siyankha bwino za moyo wa kumudzi kuno. Ofufuza amene anagwira ntchito m'boma la Hai ku Tanzania, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, anaona vuto limeneli, choncho anafunsa anthu a m'midzi kuti anene okha ntchito zimene wokalamba wanzeru zake amagwira. Mndandanda umene anatulutsa mu 2014 uli ndi zinthu monga kupereka malangizo, kuyanjanitsa okangana, kufotokoza mbiri ya banja, kuphunzitsa miyambo, kulera adzukulu ndi kutsogolera pa zochitika zikuluzikulu. Ifenso timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, kotero ngati agogo amene mikangano ya pachibale inkathera pakhonde pawo ayamba kutaya mutu wa nkhani pakati pa mlandu, kapena kusokoneza kuti wodandaula ndani, chimenecho ndi chizindikiro cholemera kuposa kuiwala tsiku la mwezi.

Tengani kope ndipo mulembe ntchito khumi kapena khumi ndi ziwiri zimene wokalamba wanuyo ankagwira bwino zaka zisanu zapitazo. Kwa agogo aamuna zikhoza kukhala kuloza malire a munda, kuwerengera matumba a feteleza ndi ngongole ya fodya, kusankha mbewu ya mbatatesi, kukwera chapa (minibasi) kupita ku Ulónguè n'kubwerako okha, kapena kuimira banja ngati nkhoswe. Kwa agogo aakazi zikhoza kukhala kuyeza chimanga cha m'nkhokwe kuti chifike pa masika, kuphika thobwa, kugulitsa ndiwo zamasamba pamsika, kulangiza anamwali kapena kuyambitsa nyimbo kuchigwirizano. Pa ntchito iliyonse lembani limodzi mwa mawu atatu awa: okha, mothandizidwa, sangathe. Bwerezani kulembako pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo ndi bwino kuti alembe munthu yemweyo, popeza mwana wochokera ku Tete kapena ku Lilongwe amene wabwera kudzacheza masiku awiri nthawi zambiri amapeza agogo akuyankha malonje bwinobwino n'kubwerera akuganiza kuti zonse zili bwino.

Polemba, muyerekezereni munthuyo ndi mmene iye mwini analili, osati ndi anthu ena. Bambo amene sanaphikepo chibadwire sanataye luso la kuphika, ndipo mayi amene sanapite kusukulu sakudwala chifukwa chakuti sangathe kuwerenga uthenga wa M-Pesa. Okalamba ambiri anzeru zawo amawerengabe ndalama m'makonto (konto imodzi inali mametikali 1,000 akale) ngakhale kuti metikali inasinthidwa mu 2006, pamene 1,000 yakale inasanduka 1 yatsopano, ndipo chimenecho ndi chizolowezi chabe. Koma mayi amene kwa zaka zambiri wagulitsa nyemba pafupi ndi malire a Calómuè kapena Zóbuè, akusintha makwacha ndi mametikali pamtima, akayamba kubweza chenji choposa ndalama imene walandira, lembani zimenezo. Lembaninso chifukwa chimene ntchito yalephereka. Kusapita kuchigayo chifukwa cha mawondo, chifukwa cha ng'ala m'maso, kapena chifukwa choopa kusochera ndi mavuto atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi chithandizo chake.

Siyanitsani kusokonezeka kwadzidzidzi ndi kwapang'onopang'ono

Matenda a kuiwala amabwera m'miyezi ndi m'zaka. Ngati agogo anali bwino Lolemba koma pofika Lachitatu sakudziwa kumene ali, akuona zinthu zimene palibe, kapena akungogona osadzuka bwino, musanene kuti ndi ukalamba ndipo musadikire kuti kuche kawiri. Kusokonezeka kotere kumayamba chifukwa cha matenda ena a m'thupi monga malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kutsika kapena kukwera kwa shuga, ndiponso kuchepa kwa madzi m'thupi, komwe kumachitika msanga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumadera otentha a kufupi ndi Zambezi, makamaka chifukwa wokalamba samva ludzu msanga ngati mwana. Zambiri mwa izi zimachizika munthu akafika kuchipatala nthawi yabwino. Kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo mbali imodzi, ndi kulephera kutulutsa mawu ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo zimafuna ulendo wa tsiku lomwelo.

Kusintha kwapang'onopang'ono nakonso kumafuna kupimidwa. Yambirani kwa APE, yemwe ndi wazaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, komwe angakutumizeni ku chipatala cha Ulónguè kapena ku chipatala chachikulu cha Tete ngati kuli kofunika. Tengani kope lanu lija, makadi onse a kuchipatala kuphatikizapo a ku Malawi ngati ankalandira chithandizo ku Dedza, Ntcheu kapena Mwanza, ndiponso mankhwala onse amene akumwa, ngakhale ogula pamsika ndi a zitsamba. Pemphani kuti awayeze BP, shuga ndi magazi, kuti awaone maso ndi makutu, komanso musachite manyazi kupempha kuti awayeze HIV ndi chindoko, chifukwa matenda awiriwa amatha kugwira ubongo, ndipo ali ndi mankhwala. Nenaninso ngati agogo anasintha atangofedwa, popeza chisoni chozama chimatha kuoneka ngati kuiwala, pamene chili ndi chithandizo chakechake. Mafunso a dokotala ayankhidwe m'Chichewa, ngakhale agogowo atakhala kuti anaphunzira Chipwitikizi kumishoni, chifukwa chilankhulo chophunzira pambuyo chimayamba kuthawa chisanathawe cha kwa amayi.

Dziwiranitu kuti mpaka pano palibe mankhwala ochiziratu matenda a Alzheimer. Aliyense amene angakulonjezeni kuti awachiza mukagulitsa mbuzi kapena ng'ombe akukunamizani.

Thandizani pokhapo pamene pathyoka

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Ntchito imene timaiona ngati imodzi imakhala ndi masitepe angapo, ndipo matendawa sathyola onse nthawi imodzi. Taganizirani mayi amene waphika nsima moyo wake wonse. Ayenera kukoleza moto, kutereka madzi, kudikira kuti afunde, kuthira ufa wa phala, kulisiya kuti liwire, kuwonjezera ufa, kuvundula, kenako kuomola. Mukaima pambali n'kuonetsetsa, mudzapeza kuti dzanja lawo likagwira mthiko limavundula mmene linkavundulira kale, ndipo chipande amachiviika m'madzi osauzidwa ndi munthu. Chimene chasokonekera mwina ndi chimodzi chokha, monga kuthira ufa wonse madzi asanafunde, kapena kuchoka pamoto phala lili mkati mowira n'kuiwala kuti atereka mphika. Ngati ndi choncho, mdzukulu akoleze moto, ayeze ufa m'mbale ziwiri, akhale pafupi mpaka phala litapsa, kenako anene kuti, "Agogo, phala lapsa, tandivundulirani, inu ndi amene mumaitha." Nsima imeneyo aphika ndi agogo, ndipo iwo akudziwa zimenezo.

Njira yomweyi imagwira pa ntchito iliyonse, ndipo thandizo liyenera kukwera pang'onopang'ono. Yambani ndi kungokonza malo, monga kuika ndowa ya madzi, sopo ndi chitenje kubafa n'kuchokapo. Zimenezo zikapanda kukwanira, kumbutsani ndi mawu, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mudikire kuti achimalize musananene china. Mawu akalephera, yambitsani ntchitoyo ndi manja anu iwo akuona, chifukwa ambiri amene sangathenso kumva malangizo amatha kutsanzira. Pambuyo pake ndi pamene mumagwirira limodzi, ndipo kuwachitira zonse kukhale komaliza. Ndikudziwa kuti kuwaveka malaya nokha n'kwachangu kuposa kudikira kuti amange okha mabatani, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene aliyense akuthamangira kumunda, koma luso limene lasiyidwa kwa miyezi ingapo pa munthu wodwala matendawa silibwerera mosavuta, ndipo ntchito imene mwawalanda lero idzakhala yanu mpaka kumapeto.

Pamene ntchito yaikulu yakanikiratu, apatseni chidutswa chake. Amene sangathenso kuyendetsa munda wa fodya akhoza kusoka masamba pachigafa ali pansi. Amene sangapite kumsika akhoza kutong'ola chimanga, kuswa mtedza, kusankha nyemba palichero, kuluka mphasa kapena kusema mpini ngati dzanja likadali lokhazikika. Ikhale ntchito yeniyeni imene banja likuifuna, chifukwa munthu wamkulu amazindikira akapatsidwa chongomutangwanitsa. Musasunthe katundu m'nyumba mwawo, ndipo kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona zizichitika pa nthawi zomwezo tsiku lililonse. Mabanja ena amaganiza zowasamutsira kutauni kwa mwana wapantchito, koma ine ndikuona kuti chisankho chimenechi chiyenera kuganiziridwa kawiri, popeza munthu amene amapita yekha kuchimbudzi ndi kutchalitchi m'mudzi mwake akhoza kulephera zonsezo m'nyumba yachilendo.

Kalankhulidwe kanu nakonso ndi thandizo. Musawayese ndi mafunso onga akuti, "Ine ndine ndani?" Fikani kutsogolo kwawo, khalani pansi monga mwa ulemu wathu, ndipo mudzitchule nokha: "Amayi, ndine mpongozi wanu, ndabwera ndi phala." M'malo mofunsa kuti avala chiyani, aonetseni zitenje ziwiri kuti aloze chimodzi. Akafunsa funso lomwelo kachisanu, yankhani ngati mukulimva koyamba, chifukwa kwa iwo ndi koyambadi.

Ndalama, mankhwala ndi moto

Zinthu zitatu izi sizingasiyidwe kuti muone mmene zithere, chifukwa cholakwa chimodzi chimawononga kwambiri. Pa ndalama, banja ligwirizane poyera za munthu mmodzi amene azisunga ndalama za agogo, kaya zochokera ku INAS (bungwe la boma lothandiza ovutika), ku malonda a fodya kapena kwa ana a kutali, ndipo munthuyo azilemba zolowa ndi zotuluka m'kope limene wachibale aliyense angalione. Nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola isalembedwe kuseri kwa foni. Koma musawasiye agogo opanda kanthu m'manja. Asiyireni ndalama zing'onozing'ono zomanga pansonga ya chitenje, zogulira mchere, zopereka kutchalitchi ndi zopepesera maliro, chifukwa munthu wamkulu wopita pamaliro chimanjamanja amamva kuti wachotsedwa pakati pa anthu. Akanena kuti wina wawabera, musakangane nawo ndipo musathamangire kukalipira mwana. Funani nawo limodzi, ndipo posakhalitsa mudzadziwa malo awiri kapena atatu amene amabisako zinthu. Komabe fufuzani, chifukwa okalamba oiwala amaberedwadi.

Mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV asungidwe ndi munthu mmodzi, amene azipereka mlingo wa nthawi imeneyo yokha n'kuona kuti wamezedwa. Kuopsa sikuli pa kuiwala kokha komanso pa kumwa kawiri, ndipo mankhwala a shuga akamwedwa kawiri akhoza kukomola munthu. Mankhwala ophera anankafumbwe, a makoswe, a kudimba ndi parafini zichoke m'chipinda chawo, ndipo zisasungidwe m'mabotolo a zakumwa.

Moto ndi nkhani ya Juni ndi Julaye kumapiri a Angónia ndi Tsangano. Wokalamba woiwala asagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo, ndipo bulangete likhoza kugwira moto. Awothe pamodzi ndi banja, mbaula ituluke, alandire chofunda chowonjezera ndi tochi m'malo mwa kandulo kapena koloboyi. Njira yopita kuchimbudzi ikhale yosalala, yopanda makasu ndi mitondo, ndipo usiku pakhale ndowa pafupi.

Akayamba kuchoka pakhomo

Okalamba ena amati likamapendeka dzuwa, amamanga katundu n'kunena kuti akupita kwawo, ali m'nyumba yawo yomwe. Nthawi zambiri kwawo kumene akunenako ndi kwa makolo awo, kapena ndi kumene anathawira pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, popeza anthu ambiri a m'maboma ano anakhala zaka ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Zakale zimakhala zowala m'mutu mwawo kuposa za dzulo, ndipo phokoso la usiku likhoza kuwabwezera ku mantha a masiku amenewo. Kuwatsutsa kumangowonjezera mantha. Nenani kuti, "Chabwino Agogo, tipita, koma tiyambe tamwa tiyi," kapena yendani nawo pang'ono n'kubwerera njira ina. Kuwamanga ndi chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse ndi nkhanza, ndipo kumafooketsa miyendo imene mukufuna kuti ipitirize kuyenda. Sokererani m'chovala chawo kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya wachibale.

Chitetezo chachikulu ndi kuuza mudzi zinthu zisanavute. Mayi wokalamba amene wapezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, atavula, osatha kufotokoza chimene akufuna, akhoza kutchedwa mfiti ndi kumenyedwa achibale asanafike. Pitani kwa amfumu, kwa akulu a mpingo ndi kwa oyandikana nawo, ndipo munene momveka kuti, "Amayi athu akudwala matenda a kuiwala, tinapita nawo kuchipatala. Mukawaona panjira, chonde muwaperekeze kunyumba." Ngati n'kotheka, APE akhalepo pamene mukunena zimenezi. Dziko la Mozambique lili ndi Lamulo nambala 3/2014 loteteza ufulu wa okalamba, ndipo kumenya kapena kuthamangitsa wokalamba pomunamizira ufiti ndi nkhani yopita nayo kupolisi, ngakhale wochita zimenezo atakhala wachibale.

Sungani zimene zatsala

Gulu la akatswiri lolemba m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa imagwirizana ndi zinthu 14 zimene zingapewedwe kapena kuchepetsedwa, ndipo zina mwa izo ndi BP yokwera, shuga, kusuta, mowa wambiri, kusamva, kusaona, kusayenda ndi kukhala kwayekha. Kwa amene ayamba kale kuiwala, zinthu zomwezi ndizo zimafulumizitsa kugwa. BP imene imafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza imafuna chithandizo, ndipo mankhwala ake sasiyidwa chifukwa chakuti mutu wasiya kupweteka. Chepetsani mchere, ndipo nsomba youma yamchere ya chicoa muziyamba mwaiviika n'kutaya madziwo musanaphike. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo munthu amene wayambanso kuona amabwerera ku ntchito zingapo zimene banja linkaganiza kuti zapita ndi nzeru. Apitirize kupita kutchalitchi, kumaliro ndi kumaukwati, ngakhale moperekezedwa, chifukwa nyimbo ndi mapemphero amene anaphunzira ali ana zimakhalitsa ngakhale zina zitatha.

Ntchito yosamalayi nthawi zambiri imagwera mayi mmodzi, amenenso ali ndi munda ndi ana, ndipo iye akatopa chipiriro chimene malangizo onsewa amadalira chimatha. Mwinimbumba aitane abale, agawe masiku kuti wosamalayo azipuma osachepera tsiku limodzi pa mlungu, ndipo a kutali anene chimene azitumiza mwezi uliwonse. Pa msonkhano womwewo, agogo akadali ndi mphamvu yofotokoza maganizo awo, afunsidwe za munda, za ziweto, za amene akufuna kuti azisunga ndalama zawo ndiponso za kumene akufuna kukhala akadzafooka kwambiri. Funsani m'mawa, pamene mutu wawo umakhala wopepuka, pakhale mboni ziwiri za kunja kwa banja, ndipo zimene anena zilembedwe m'mapepala awiri, limodzi lisungidwe pakhomo ndipo lina kwa amfumu.